Ndikweze pikapu yanga kapena ndiyambire pati? Yankho kwa bambo a ku Ntchisi

Ndalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Ntchisi amene nthawi yokolola amagula soya ndi mtedza m'midzi, ndipo dzinja amanyamula feteleza ndi mbewu. Akuti ali ndi Toyota Hilux ya dizilo, double cab, ya 4x4, yomwe anagula yakale. Mvula ikayamba galimotoyo imaterereka pa zitunda, m'madambo imatitimira, moti chaka chatha anagona kutchire ali ndi katundu. Makaniko wina wawauza kuti aikweze ndi mainchesi anayi, aike matayala akuluakulu, bull bar (chitsulo chotchinga kutsogolo), winchi (makina okokera galimoto ndi chingwe) ndi snorkel (paipi yokokera mpweya wa injini m'mwamba). Ndalama zomwe ali nazo n'zokwanira chinthu chimodzi kapena ziwiri basi. Ndiye akufunsa kuti ayambire pati.

Bambo, zikomo polemba. Yankho langa lalifupi ndi lakuti musayambire kukweza. Yambirani pansi penipeni, pamene galimoto imagunda nthaka, kenako muzikwera m'mwamba malinga ndi thumba lanu.

Tsiku lina galimoto itaima pamalo osalala, gwadani kumbuyo kwake musuzumire kunsi. Chomwe chili pafupi kwambiri ndi nthaka ndi difu, chimphika chija chili pakati pa ekiselo ya kumbuyo. Mukatitimira m'mikwasa yomwe malole akumba, chimene chimakhala padothi ndi difuyo, matayala n'kumangozungulira osagwira kanthu. Tsono mukakweza galimoto pa masipuling'i, chimakwera ndi chasisi ndi bodi. Difu imatsala pomwe inali chifukwa imamangika ku mawilo. Mukhoza kulipira ndalama zonse za mainchesi anayiwo n'kukatitimira padambo lomwe lija. Chokhacho chomwe chimakweza difu ndi tayala lalitali, ndipo nalonso limakweza pang'ono. Mwachitsanzo, kuchoka pa 265/65 R17 kupita pa 265/70 R17 tayala limatalika ndi mamilimita 27, koma difu imangokwera ndi theka lake, pafupifupi 13. Saizi imeneyi pa Hilux zambiri imalowa popanda kudula kalikonse. Mukapitirira pamenepo tayala limayamba kukhula bodi pokhota, galimoto imafooka pa chitunda, mafuta imamwa ambiri, kilatchi ndi mabuleki zimatha msanga. Dziwaninso kuti sipidomita idzayamba kuonetsa liwiro lotsikirako kusiyana ndi lenilenilo, choncho muzisamala pamene apolisi aima ndi kamera.

Chofunika kwambiri kuposa kutalika kwa tayala ndi mapazi ake. Matayala a pikapu alipo mitundu itatu. A HT ndi a pa tala, ndipo ndikukayikira kuti ndi omwe muli nawo panopa, chifukwa galimoto zambiri zimabwera nawo amenewo. A AT ndi a pakatikati. A MT ndi a matope, mano ake akuluakulu otalikirana. Dothi lofiira la katondo likanyowa limamata pa tayala la HT mpaka tayalalo kusanduka losalala, ndiye ngakhale muike 4x4 mawilo onse anayi amangoterereka limodzi. La MT limataya matope likamazungulira n'kulumanso pansi. Koma pa tala limachita phokoso, limatha msanga, ndipo tala ikanyowa silimaima msanga mukaponda buleki. Inu mumayendanso ulendo wa ku Lilongwe kukagulitsa, choncho ine ndikanasankha AT wa mano akuya, wa khoma lolimba, wolembedwa LT kapena C pambali, zilembo zosonyeza tayala la katundu. Ngati dzinja lonse mumathera m'misewu ya m'midzi ndipo ku tala mumapitako mwa apo ndi apo, gulani MT osaopa. Yang'ananinso nambala ya kulemera komwe tayala lingasenze: 112 ndi makilogalamu 1,120 pa tayala limodzi, 121 ndi 1,450.

Za matayala a kaunjika ndikuchenjezeni. Pambali pa tayala lililonse pali manambala anayi kumapeto kwa mzere woyamba ndi mawu akuti DOT. Awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka chomwe linapangidwa. Lolembedwa 3516 ndi la sabata ya 35 m'chaka cha 2016. Mano angaoneke abwino koma mphira wake unauma kale, ndipo limaphulika tsiku lomwe mwasenza matumba dzuwa likuswa mtengo. Gulani asanu ofanana, sipeya ikhale ya saizi yomweyo, chifukwa 4x4 sigwirizana ndi matayala osiyana kutalika.

Pali chinthu china chomwe chimapambana zitsulo zambiri zodula, koma madalaivala ambiri kwathu kuno sachita: kuphwetsa matayala. Tayala likachepa mpweya limaponda malo aakulu, limagwira bwino, ndipo galimoto siinjanja pa mabampu. Pa msewu wa dothi mulibe katundu wambiri, tsitsani kufika cha m'ma 1.8 bar, yomwe ndi 26 psi. Pa mchenga wa kunyanja kapena pa dambo lofewa mukhoza kufika 1.2 bar, koma muziyenda pang'onopang'ono osakhota mwadzidzidzi, kuopa kuti tayala lingavuke pa limu. Mukasenza katundu wolemera musatsitse kwambiri kumbuyo. Mukangofika pa tala popani nthawi yomweyo, chifukwa tayala lophwa likathamanga limatentha n'kuwonongeka mkati. Ndiye kuti mufunika geji yoyezera mpweya ndi kompuresa yolumikiza ku batire. Ziwirizi mtengo wake sufika ngakhale wa tayala limodzi labwino. Kwa katondo wa pa zitunda za kwanuko, matcheni omanga pa matayala a kumbuyo amathandizanso kwambiri; madalaivala akale a malole ankawadziwa bwino.

Musanagule chilichonse, tsimikizani kuti 4x4 yanu ikugwiradi. Galimoto zambiri zakale nyali imayaka pa dashibodi koma mawilo a kutsogolo sakukoka, chifukwa kamakina kolumikiza difu ya kutsogolo kanauma kapena waya unaduka, mwina mwini wake woyamba ankangoyenda m'tauni osaigwiritsa ntchito. N'chifukwa chake buku la Toyota limalangiza kuyenda pa 4x4 makilomita angapo mwezi uliwonse. Yesani pa msewu wa dothi, wina ataima panja akuona mawilo. Ikani 4H (4x4 ya liwiro wamba) mukangosiya tala mvula itagwa, osadikira kuti mutitimire kaye. Pa chitunda choterera ndi pa mtsetse ikani 4L (4x4 yamphamvu, yoyenda pang'onopang'ono), giya yachiwiri pokwera, yoyamba potsika, phazi kutali ndi kilatchi. Pa tala youma 4x4 muzichotsa, chifukwa Hilux ilibe difu ya pakati, ndiye mashafuti amapotana mpaka china chake kuthyoka. Onaninso ngati yanu ili ndi batani la diff lock. Zambiri zochokera ku South Africa zimakhala nalo. Limamanga mawilo a kumbuyo kuti azungulire limodzi, ndipo pamene wilo limodzi lalendewera m'chikhwawa ndi limeneli lomwe limakutulutsani.

Tsopano za kukweza zija. Sindikukana kotheratu, koma mainchesi anayi ayi. Hilux za kuyambira 2005 kutsogolo kwake wilo lililonse limayenda palokha, ndipo mphamvu imafika ku wilo kudzera m'timashafuti tokhala ndi mfundo zopindika zotchedwa ma CV joint. Mukakweza kwambiri, timashafuti timeneti timapendekeka mopitirira muyeso, mphira zake zimang'ambika, matope amalowa, ma ball joint amatha, alayimenti imakana kukhala. Malire abwino ndi mamilimita 40 mpaka 50, pafupifupi mainchesi awiri, ndipo akhale a masipuling'i ndi ma shock opangidwira galimoto imeneyo, monga a Old Man Emu kapena Ironman 4x4. Timabuloko towotcherera toika pansi pa masipuling'i ndi masipesa otulutsa mawilo panja, izo zisiyeni. Galimoto yokwera kwambiri itasenza matumba m'mwamba imagubuduka mosavuta pa msewu wopendekeka, ndipo ya kwanuko yambiri ndi yotero. Kawirikawiri galimoto yakale imakhala kuti inangofwafwala chifukwa masipuling'i anatopa. Kungoika atsopano imabwerera msinkhu wake, mwini n'kudabwa kuti yasiya kukhula pansi.

Pa nkhani ya masipuling'i yomweyi, ndikudziwa kuti anzanu ambiri a geni ya mbewu amawonjezera masamba awiri kapena atatu kumbuyo kuti azisenza zambiri. Galimoto imaoneka yowongoka, inde, koma chasisi, mabering'i ndi mabuleki ndi zomwe zija. Double cab imakhala ndi bodi ya katundu yomwe gawo lalikulu lili kumbuyo kwa ekiselo, ndiye mukaunjika matumba kumapeto, chasisi imapindika kuseri kwa kabini. Werengani kachitsulo kolembedwa kulemera kololedwa, kamene kamakhala pa khomo kapena pansi pa boneti. Tinene kuti yanu imaloledwa makilogalamu 900. Anthu asanu atenga kale cha m'ma 350. Bull bar yachitsulo ndi winchi pamodzi zikhoza kufika 100. Mwatsala ndi 450, omwe ndi matumba 9 okha a makilogalamu 50. Chitsulo chilichonse chomwe mungamangirire pa galimotoyo chikudya malo a soya wanu. Katundu wolemera muziika kutsogolo kwa bodi, kufupi ndi kabini.

Apa pali nkhani yomwe ndikufuna muisunge kuposa zonse, chifukwa ndi ya moyo wa anthu. Mukatitimira, musalole munthu aliyense kumanga chingwe pa kampira ka tow bar kaja kokokera ngolo. Kampirako kanapangidwira kukoka mofatsa pa msewu. Galimoto ina ikakoka mwamphamvu ndi kugwedeza, kamathyoka n'kuuluka ngati mwala wa pa legeni, ndipo kapha anthu m'maiko ambiri, ena ali m'kati mwa galimoto yokokayo. Timphete tating'ono ta pansi pa bampala nato n'tomangira galimoto ikamanyamulidwa pa sitima kapena pa lole, si tokokera. Ikitsani ngowe zokokera zenizeni, zomangidwa ku chasisi ndi mabawuti olimba, kutsogolo ndi kumbuyo. Gulani lamba wokokera wolembedwa matani 8, ndi mashako (zitsulo zolumikizira lamba ku ngowe) awiri olembedwa matani 4.75. Tcheni ndi waya n'zokokera pang'onopang'ono basi, osati zothamanga nazo. Kwathu kuno galimoto ikatitimira mudzi wonse umabwera kudzathandiza, ana ali patsogolo. Musanakoke, aliyense aime patali kuposa kutalika kwa lambayo kawiri, ndipo pakati pa lamba muyalepo chiguduli chonyowa kuti akaduka agwere pansi.

Ndipo musanaganize zokoka, kumbani. Fosholo, khasu, chikwanje, jeke yabwino ndi thabwa lochindikala loikapo jekeyo zimatulutsa galimoto nthawi zambiri. Mukaona kuti mawilo akungozungulira, chotsani phazi pa mafuta nthawi yomweyo. Kulimbikira kumangokumba dzenje mpaka difu kukhala pansi. Tsitsani matumba, chotsani dothi kunsi kwa difu, kwezani wilo, ikani miyala kapena nthambi, phwetsani matayala, bwererani m'mbuyo momwe munadzera.

Winchi ndi yabwino kwa munthu woyenda yekha, koma ndi yodula, imafuna batire yamphamvu ndi bampala yoikapo, komanso imafuna mtengo woti mumangepo. Madambo athu ambiri mitengo inatha. Ikhale ya chaka china. Bull bar imateteza rediyeta ku mbuzi ndi ng'ombe, koma siikutulutsani m'matope, ndipo yowotcherera mwachisawawa ikhoza kusokoneza ma airbag. Imavulazanso kwambiri munthu wapansi kapena wa kabaza mukamugunda.

Snorkel anthu amaimva molakwika. Ntchito yake n'kuti injini izikoka mpweya m'mwamba, komwe kuli fumbi lochepa komanso madzi safikako msanga. Izi n'zothandiza, chifukwa injini ya dizilo ikameza madzi ngakhale pang'ono zitsulo za m'kati zimapindika. Koma snorkel siteteza waya, kompyuta ya injini, kapena galimoto kukokoloka. Toyota imati Hilux zatsopanozi zidutse madzi osapitirira mamilimita 700, ndipo amenewo ndi madzi odekha. Mtsinje wosefukira, wofiira, wothamanga, ngakhale ukhale wa m'mawondo, dikirani uphwe. Ngati simungathe kuwoloka ndi miyendo, galimotonso isawoloke. Chotchipa chomwe ndingakulimbikitseni ndi kutalikitsa timapaipi topumira ta madifu ndi giyabokosi kuti tifike m'mwamba pansi pa boneti. Difu yotentha ikalowa m'madzi ozizira imayamwa madzi, oyilo n'kusanduka woyera. Mukawoloka madzi akuya, tsegulani muone oyiloyo. Akayera, sinthani tsiku lomwelo. Chitsulo chotchinga kunsi kwa injini nachonso n'chaphindu pa misewu ya miyala.

Simunafunse za mafuta, koma injini za dizilo za Hilux, za D-4D ndi GD-6, sizipirira dizilo wa madzi kapena wa zinyalala, ndipo mafuta akasowa tonse timadziwa kuti a m'zigubu ndi omwe amapezeka kumudzi. Fyuluta yachiwiri yolekanitsa madzi ndi yotchipa kwambiri poyerekeza ndi mainjekita anayi. Fyuluta ya mpweya muziiyang'ana pafupipafupi chilimwe.

Ndiye ndi ndalama zomwe mwanenazo, ine ndikanakonzetsa 4x4, mabushi ndi ma shock otha, n'kugula matayala asanu abwino, geji, kompuresa, lamba, mashako ndi ngowe zokokera. Zikatsalako, timapaipi topumira ndi fyuluta ya dizilo. Muyende nazo dzinja limodzi, muone ngati mukufunabe kukweza. Mukadzasintha masipuling'i kapena kuika bull bar, auzeni a inshuwalansi yanu polemba kalata kuti asadzakane kulipira pa ngozi, ndipo funsani ku Road Traffic ngati zosinthazo sizikhudza COF. Mundilemberenso chaka cha galimotoyo ndi manambala omwe ali pambali pa matayala anu, kuti tione saizi yomwe ingalowe osakhula.