Kodi Adam Goodes analidi katswiri pabwalo?

Mmodzi wa owerenga wanditumizira imelo yofunsa za Adam Goodes, yemwe ankasewera mpira wa malamulo a ku Australia mu timu ya Sydney Swans. Iwo akuti dzinali analimva pa nkhani ya tsankho yokha, ndipo akufuna kudziwa ngati munthuyu analidi katswiri kapena anangotchuka chifukwa cha mkanganowo.

Bambo, Goodes anali kale mmodzi wa osewera apamwamba mu ligi ya AFL zaka khumi mkanganowo usanabuke, ndipo zimandipweteka kuti ambiri akunja kwa Australia amamudziwa chifukwa cha chipongwe chimene anachitiridwa osati chifukwa cha ntchito yake.

Iye anabadwa mu 1980 ku Wallaroo, m'chigawo cha South Australia, kwa mayi wa mtundu wa Aaborijini. Ali mwana ankasewera mpira wamiyendo umene tonse timaudziwa, ndipo anayamba mpira wa ku Australia banja lawo litasamukira ku Victoria. Pamene matimu ankasankha anyamata atsopano mu 1997, iye anatengedwa pa nambala 43, kusonyeza kuti anyamata oposa 40 anaoneka ofunika kuposa iye. Komabe atayamba kusewera mu 1999, analandira mphoto ya Rising Star, imene imaperekedwa kwa wosewera wachinyamata amene wachita bwino kuposa anzake m'chakacho.

Umboni waukulu wa luso lake ndi mendulo ya Brownlow. Pakutha pa masewero aliwonse, oyimbira amapereka mavoti atatu kwa wosewera amene wapambana onse, awiri kwa wachiwiri ndi imodzi kwa wachitatu. Wosewera amene wapeza mavoti ambiri m'chaka chonse ndiye amalandira menduloyo, koma amene anaimitsidwapo chifukwa cha kusewera kwankhanza m'chakacho sangailandire. Goodes anaipata kawiri, ndipo chochititsa chidwi n'chakuti anaipata akusewera malo awiri osiyana. Mu 2003, pamene anagawana menduloyo ndi Nathan Buckley ndi Mark Ricciuto, anali ruckman, wosewera amene amalumpha kulimbirana mpira woyimbira akauponya m'mwamba. Malo amenewa amaikapo zimphona zotalika pafupifupi mamita awiri, pamene iye anali wa masentimita 191 okha, choncho ankawaposa ndi liwiro komanso kuthamanga bwalo lonse osatopa. Atavulala bondo mu 2004 anachoka pa malowo, ndipo mu 2006 anapatanso Brownlow yekha akusewera pakati. Kusintha malo munthu atazolowera kale, n'kukhalanso woposa onse pa malo atsopanowo, n'chinthu chimene osewera ochepa kwambiri anachikwanitsa.

Anapambananso chikho cha ligi kawiri. Mu 2005, pansi pa mphunzitsi Paul Roos, Sydney inagonjetsa West Coast ndi mapointi anayi okha, n'kuthetsa zaka 72 zosaona chikho, pakuti timuyi inachitenga komaliza mu 1933 ikadali ku South Melbourne, isanasamukire ku Sydney. Chaka chotsatira West Coast inabwezera ndi pointi imodzi. Koma kwa ine masewero osonyeza bwino mtima wa Goodes ndi a ndime yomaliza ya 2012 polimbana ndi Hawthorn. Iye, ali mmodzi wa makaputeni a timuyo, anavulala mtsempha wa bondo masewero asanafike pakati, koma anabwerera m'bwalo akutsimphina, ndipo m'gawo lomaliza anamwetsa chigoli chimene chinathandiza Sydney kupambana ndi mapointi 10.

Za mkangano umene mwamva ndinene mwachidule. Mu Meyi 2013, pa bwalo la MCG ku Melbourne, mtsikana wa zaka 13 wochemerera timu ya Collingwood anamutcha nyani, ndipo Goodes anamuloza kwa achitetezo. Tsiku lotsatira anapempha anthu kuti asamudzudzule mwanayo. Mu 2014 anasankhidwa kukhala Australian of the Year, ulemu umene dzikolo limapereka kwa nzika imodzi chaka chilichonse, ndipo analankhula mosabisa za tsankho limene Aaborijini amakumana nalo. Kuyambira pamenepo ochemerera matimu ena anayamba kumukuwiza nthawi iliyonse akagwira mpira, ndipo zinafika poipa mu 2015 atavina gule wankhondo pokondwerera chigoli pa masewero ndi Carlton. Ena ankati amamukuwiza chifukwa cha kaseweredwe kake, koma ine sindivomereza zimenezo, pakuti munthu amene wasewera zaka zoposa khumi osakuwizidwa motero sangasanduke woipa pa nthawi yomwe wayamba kulankhula za mtundu wake.

Anasiya mpira mu Seputembala 2015 atasewera masewero 372 ndi kumwetsa zigoli 464, zonse mu timu imodzi. AFL pamodzi ndi matimu ake onse 18 anamupepesa mu 2019 chifukwa cholephera kumuteteza, koma pamene anafuna kumulowetsa m'gulu laulemu la Hall of Fame mu 2021, iye anakana.