Kodi Podolski anathawa kwawo? Yankho kwa bambo a ku Leicester

Bambo wina wanditumizira imelo. Mwana wawo wa zaka 15, wobadwira ku Leicester, akuti akadzakula adzavala yunifolomu ya England osati ya Flames. Bambowo mtima ukuwapweteka, ndipo akufunsa ngati mwanayo sadzakhala ngati Lukas Podolski, wosewera mpira wobadwira ku Poland koma wosewerera Germany, amene akuti "anathawa kwawo".

Bambo, mwandigunda pachilonda. Ine ndinabadwira ku Mbare, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, koma bambo anga anali a ku Ntcheu. Kusukulu ankatitcha mabhurandaya, dzina lonyoza anthu ochokera ku Malawi. Titabwerera kumudzi ndili ndi zaka 12 ndinkaona ngati mavuto atha, koma tsiku loyamba lenileni pabwalo mnyamata wina anakuwa kuti, "Iwe mwana wa mtchona, patsira kuno!" Ndinamupatsira mpira wachikulunga uja, kenako ndinakalirira kuseri kwa nkhokwe. Kuno mlendo, uko mlendo.

Ndiye mawu oti Podolski anathawa ndikuwakana. Anabadwira ku Gliwice, m'dziko la Poland, mu 1985, makolo ake anasamukira ku West Germany iye ali ndi zaka 2. Khanda limathawa bwanji? Mpira anauphunzirira ku Bergheim ndi ku 1. FC Köln, amene anamulera pabwalo ndi Ajeremani.

Masewero a Euro 2008 ku Klagenfurt ndinawaonera m'kanyumba ka vidiyo ku Ndirande, titathithikana pamabenchi. Germany inagonjetsa Poland 2-0, zigoli zonse ziwiri za Podolski. Choyambacho anamupatsira ndi Miroslav Klose, nayenso wobadwira ku Poland, ku Opole. Atagoletsa, Podolski sanadumphe kapena kuvina, anangozyolika. Anzanga ankati akunyada, koma ine khosi linandiuma chifukwa nkhope ija ndinaizindikira.

Anasewerera Germany masewero 130, zigoli 49, ndipo anali m'gulu lomwe linatenga chikho cha dziko lonse mu 2014. Anadutsa ku Bayern, Arsenal, Galatasaray mpaka Vissel Kobe ku Japan. Koma mu 2021, atakula, anapita ku Górnik Zabrze, timu ya ku Poland yoyandikana ndi kumene anabadwira, yomwe ankaikonda chiyambire ubwana. Palibe anamukoka ndi chingwe. Anthu amene amatcha ana otere oukira dziko sanagonepo kunja ndi mafunso amenewa, ndipo amanditopetsa kwambiri.

Nanga mwana wanu?

Musamukalipire, bambo. Muzilankhula naye Chichewa kunyumba, tchuthi chikubwerachi mupite naye kwa agogo ake, mukamulowetsenso pa Bingu Stadium Flames ikusewera. Za yunifolomu adzasankha yekha.