Funsani za Makompyuta: Kusamuka kwa GNOME

Funso: Ndine wophunzira za makompyuta, ndipo ndinamva kuti a GNOME, gulu lopanga mapulogalamu aulere a makompyuta a Linux, anasintha zida zomangira mapulogalamu awo komanso malo osungirako khodi. Anadzivutitsiranji pamene zakalezo zinkagwirabe ntchito?

Yankho: Zinkagwiradi ntchito, koma zinkathawitsa alendo. Kale munthu wofuna kuthandiza ankapeza khodi pamalo ena, n'kukadandaula za zolakwika pa webusaiti yolandira madandaulo ya Bugzilla, kumenenso ankatumizako zimene wakonza. Mu 2018 anasamukira ku GitLab yoyendetsedwa pa makina awoawo, kumene khodi, madandaulo, kuunikana ntchito ndi kuyesa pulogalamu zimachitikira pamodzi.

Nkhani ya zida ndiyo yokoma kwambiri. Anasiya chida chakale cha Autotools n'kuyamba kugwiritsa ntchito Meson. Autotools inkafuna kuti munthu adziwe zilankhulo zingapo za makompyuta, kuphatikizapo m4, yomwe ngakhale akatswiri amaidandaula. Meson, yolembedwa m'chilankhulo cha Python ndipo imadalira chida china chomangira chotchedwa Ninja, imawerengeka mosavuta komanso imamanga msanga, moti GTK 4 (chida chopangira maonekedwe a mapulogalamu a GNOME), yomwe inatuluka mu 2020, imamangidwa ndi Meson yokha.

Komatu musaganize kuti kusamuka n'kopepuka. Mbiri ya khodi imasamuka bwino chifukwa ili mu Git, pulogalamu yosunga zonse zimene zasinthidwa, koma madandaulo akale ndiwo amavuta, ndipo okonza Debian ndi Fedora (mitundu ya Linux) anayeneranso kusintha malangizo awo omangira.