Geni ya nsapato za abambo: yankho kwa amene akufuna kuyamba kukaoda ku Taifa

Achimwene, mwafunsa zinthu ziwiri. Mukuti mwapeza kampamba ndipo mukufuna kudziwa m'mene timaodera nsapato za abambo kunja. Kenako mwaponyapo lina ngati nthabwala, loti kodi nsapato zopanda zingwe zija, malofa, amavala ndi masokosi kapena ayi. Lachiwirilo musaliseke. Ine ndalama zanga zinalowa m'madzi kangapo ndisanazindikire kuti funso limeneli ndi la wogulitsa kuposa wovala. Koma tiyambe ndi ulendo.

Ine ndimaoda ku Kariakoo, ku Dar es Salaam. Anzanga ena amapita ku Joni, ndipo kumeneko kuli katundu wabwino, koma ulendo wake umadutsa maiko awiri, Mozambique ndi Zimbabwe, musanafike pa Beitbridge, ndiye kwa munthu wa mpamba wochepa thiransipoti yokha imam'maliza. Ku Taifa boda ndi imodzi. Mukachoka ku Lilongwe mudutsa Mzuzu, kutsika Chiweta, Karonga, mpaka pa Songwe. Mukawoloka mlatho muli pa Kasumulu. Kuchoka apo ndi Tukuyu, Uyole kufupi ndi Mbeya, Makambako, Iringa, kutsetsereka kwa Kitonga kumene ngakhale osapemphera amayamba kupemphera, Mikumi, Morogoro, Chalinze, kenako Dar. Tengani pasipoti, chifukwa kapepala kowolokera pa boda sikangakufikitseni kutali choncho. Wotchi muisunthe ola limodzi kutsogolo mukangowoloka. Ndipo Mtaifa akakuuzani kuti shopu atsegula "saa mbili", sakunena 2 koloko ayi, akunena 8 koloko m'mawa, chifukwa iwo amayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka.

Nsapato zambiri za ku Kariakoo sizisokedwa ku Tanzania. Zimachokera ku China, zina ku Turkey, n'kutsikira padoko la Dar. Ife timangogula kwa amene watsegula kontena. Mukafika adzakuzungulirani anyamata amene kumeneko amawatchula kuti mawinga. Alibe shopu, ntchito yawo ndi kukutengerani kwa mwini katundu n'kuikapo yawo pamwamba. Ena ndi othandizadi, makamaka ngati Chiswahili chanu chimathera pa "habari", koma tsiku loyamba musagule kanthu. Yendani, funsani mtengo wa nsapato imodzimodziyo m'mashopu asanu, ndipo muzinena kuti mukufuna mtengo wa "jumla", wopikulitsa, osati "rejareja". Maso adzakuthawani, chifukwa chilichonse chimaoneka chokongola pansi pa magetsi. Paja ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Za ndalama ndinene mwachidule, ngakhale ndi pamene pamapweteka. Mumagula ndi mashilingi, mumagulitsa ndi makwacha. Mu May 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu November 2023 ndi 44 peresenti. Amene tinali titakongoza katundu pa mtengo wakale, ndalama zitabwera tinapeza kuti sizikukwananso kugula katundu yemweyo. Pabuku phindu likuoneka, m'thumba mpamba wachepa. Kuyambira pamenepo ine mtengo ndimauika poyang'ana kuti peya yomweyi ndikaigula bwanji ulendo wamawa, osati ndinaigula bwanji dzulo.

Tsopano pamene pagona geni yeniyeni ya nsapato ndi pa masaizi. Malaya akakula pang'ono munthu amavalabe, thalauza telala amabweza. Nsapato ilibe telala. Ku Kariakoo nthawi zambiri sakulolani kusankha masaizi amene mukufuna. Amagulitsa mtundu umodzi kuyambira saizi yaing'ono mpaka yaikulu, tinene 40 mpaka 45, ndiye mutenge zonse. Makasitomala anga ambiri amavala 41, 42 ndi 43. Zimenezi zimatha sabata yoyamba, inu n'kumaona ngati mwatola chikwama. Kenako mumatsala ndi 40 ndi 45 zikukuyang'anani mwezi ndi mwezi, zikutuwa pa shelefu. Tiyerekeze mwatenga mapeya 12, awiriawiri pa saizi iliyonse. Oyamba kugulidwawo akungobweza ndalama yogulira, thiransipoti, malo ogona ndi msonkho. Phindu lanu lili m'mapeya anayi omaliza aja, amene palibe akuwafunsa. Ndiye musanakwere basi mukhale mukudziwa kale abambo awiri atatu a phazi lalikulu, ndi ena a phazi laling'ono, manambala awo ali m'foni. Ine ndili ndi kabuku kolemba dzina ndi saizi ya aliyense amene anandigulapo. Nditati ndisankhe pakati pa kutaya foni ndi kutaya kabukuko, foni ipite.

Palinso chisokonezo cha manambala. Kuno munthu amati ndimavala 8, potengera masaizi a ku Britain amene amagwiranso ntchito ku Joni. Katundu wa ku Taifa amalembedwa 41, 42, 43. Kawirikawiri 7 ndi 41, 8 ndi 42, 9 ndi 43, koma musalumbirire, chifukwa fakitale ina 42 yake imathina ngati 41. Ine ndimavala 42, ndiye mtundu uliwonse ndisanagule ndimayesa phazi langa. Likathina ndimadziwa kuti mtundu wonsewo ndiziuza anthu atenge saizi yotsatira.

Ndipo katoni iliyonse muitsegule pomwepo, bokosi ndi bokosi, ngakhale mwini shopu akwiye. Ulendo wanga wachiwiri ndinachita manyazi, n'kungokhulupirira. Nditafika kunyumba ndinapeza bokosi lina muli zamanzere zokhazokha, lina phazi limodzi 42 linzake 43. Ukabwezera ndani uli ku Lilongwe?

Nsapato ya zingwe imakhululuka. Ikakula pang'ono umamanga zolimba, ikathina umamasula. Lofa ilibe chifundo chotero, imagwira phazi ndi kapangidwe kake kokha. Ikakula, chidendene chimavuka sitepe iliyonse, munthu n'kumayenda ngati wavala nkhwaira. Ikathina, matuza. Apa ndiye pamene masokosi akulowera. Phazi lomwelo likavala sokosi yokhuthala limafuna malo ochuluka kuposa likakhala lokha. Choncho kasitomala akati akufuna lofa, funso langa loyamba si mtundu, ndi loti muzivala bwanji? Ayese m'mene azivalira, ndipo ngati n'kotheka ayese madzulo, chifukwa phazi limatupa likayenda tsiku lonse. Amene wayesa m'mawa opanda sokosi, Lamlungu n'kuvala ndi sokosi ya ubweya kupita kutchalitchi, Lolemba ali pakhomo panu akuti munam'gulitsa yaing'ono.

Kanthu kena koseketsa: mawu akuti lofa ndi omwe aja anatipatsa lova ndi ulova. M'Chingerezi amatanthauza munthu wongokhala, ndipo nsapatoyi poyamba inali yopumira, yongolowetsa phazi osawerama. Kampani ya ku America ya G.H. Bass inatulutsa zake mu 1936 potengera nsapato za ku Norway, zija zili ndi kachikopa kopingasa pamwamba kong'ambika pakati. Za kachitsulo konyezimira zinatchuka ndi Gucci wa ku Italy mu 1953, n'chifukwa chake mnyamata akafika amangoti muli ndi ya Gucci, ngakhale tonse awiri tikudziwa kuti pa mtengo umenewo Gucci weniweni sangapezeke. Ine sindinamiza munthu kuti ndi yeniyeni. Ndimangoti ndi ya kachitsulo. Lero malova enieni sangaikwanitse, amene akuigula ndi a m'maofesi ndi aperekezi a ukwati.

Fashoni yoonetsa akakolo anyamata anaionera pa Instagram, kwa azungu a ku Italy ndi oimba a ku Nigeria. Chimene chithunzi sichionetsa n'chakuti nsapato zawozo ndi chikopa chenicheni kunja ndi mkati, chimene chimamwa thukuta n'kuuma, ndipo mwini wake ali ndi mapeya angapo osinthasintha, akuyenda pagalimoto. Wathu kuno ali ndi peya imodzi ya chikopa chopanga, chija amalemba PU, amene ndi pulasitiki womatidwa pansalu. Akuyenda wapansi mu October kuchoka ku Area 25 kukakwera minibasi, fumbi likulowa, thukuta likutuluka, ziwirizi n'kukumana mkati. PU sapuma. Pakatha masabata ochepa mkati mwayamba kusupuka, guluu walekerera, ndipo fungo lake akavula pakhomo pa eni ake ana amathawa. Pakati pa zala payamba kunyerenyetsa. Ndiye sanena kuti ndinalakwitsa kavalidwe, amati nsapato za uje n'zachinyengo, n'kuuza ofesi yonse.

Mankhwala ake ndi otchipa: timasokosi tobisika tija, ta m'munsi mwa kakolo, timene ambiri amati secret socks. Kunja munthu amaoneka ngati sanavale kanthu, mkati thukuta likumwedwa ndi nsalu. Muzisankha ta thonje, tokhala ndi kalabala kumbuyo kogwira chidendene, chifukwa topanda kalabala timavukira mkati munthu n'kumayenda akupinda zala. N'topepuka, sitidya malo m'chikwama, ndipo kunena zoona peresenti ya phindu lake imaposa ya nsapato. Ine ndimaika peya imodzi m'bokosi la lofa iliyonse, mtengo wake ndinauwerengera kale. Kasitomala amaona ngati basela. Kuyambira pamene ndinayamba zimenezi madandaulo anachepa kwambiri.

Mukandifunsa maganizo anga pa kavalidwe, ndi awa. Ndi suti ndi thalauza lofika pansapato, valani sokosi yopyapyala yofanana ndi thalauzalo, yaitali ndithu kuti mukakhala pansi mwendo usaonekere. Kokafunsira ntchito, kumaliro, kokaonekera kwa apongozi, kapena ngati mukukawerenga mawu kutsogolo kwa mpingo, akakolo abiseni. Akuluakulu sadzanena kuti mnyamatayu watchena, adzati wasowa masokosi. Ku phwando la ukwati, ku chinkhoswe, Loweruka ndi kathalauza kothera pamwamba pa kakolo, onetsani, koma dzolani mafuta. Kakolo wotuwa mbuu ndi zikang'a ku chidendene, pamwamba pa nsapato yonyezimira, ndi chinthu chomvetsa chisoni. Sokosi yoyera ya mpira ndi lofa yakuda ndimaona achinyamata ena akuikonda. Ine ndakalamba, ndimangogulitsa.

Kusiyanitsa chikopa ndi PU muphunzire musanawononge ndalama. Nunkhizani: chikopa chimanunkha chikopa, PU amanunkha mankhwala. Dinani ndi chala, chikopa chimachita makwinya ang'onoang'ono n'kubwerera. Yang'anani m'mphepete modulidwa, mukaona nsalu kunsi kwake ndi PU. Soli muipinde, muone ngati ulusi ukuonekawo ndi wosokadi kapena ndi chithunzi chabe cha ulusi chodindidwa pa labala. Sindikuti PU musagule, chifukwa ndi amene anthu ambiri angakwanitse, ndipo ngakhale ine ndi amene ndimagulitsa kwambiri. Koma musaode wambiri woti akhale chaka, chifukwa amasupuka yekha ali m'bokosi, makamaka kotentha ngati ku Salima kapena ku Chikwawa. Komanso muzikumbukira kuti mpikisano wanu si shopu ya m'tauni yokha. Ndi wa kaunjika, amene nthawi zina amakhala ndi chikopa chenicheni chovalidwapo pa mtengo wofanana ndi PU wanu watsopano. Chimene inu mumam'posa n'chakuti mungapeze mapeya asanu ndi limodzi ofanana a aperekezi, iye sangathe. Maukwati amachuluka anthu akakolola mpaka December, ndiye maoda amenewo muziwasaka msanga, ndipo azipereka theka musananyamuke. Mvula ikayamba malofa amagona, makamaka a suwedi, chikopa chofewa chija chosanyezimira, chifukwa matope ndi mdani wake.

Pa boda musachite mantha, koma musachitenso ukathyali. Sungani malisiti, nenani katundu yense kwa a MRA, lipirani msonkho, tengani pepala lanu, chifukwa m'njira muli malodibuloko ndipo adzalifuna. Mudzamva anthu akunena za ndondomeko ya COMESA yopeputsira amalonda ang'onoang'ono, ija amati STR. Imeneyo ndi ya katundu wopangidwa m'maiko a bungweli, monga pakati pa ife ndi Zambia. Tanzania inatulukamo mu 2000, ndipo nsapato ya ku China siikhudzidwa ngakhale mutaigula kuti. Adzabweranso anyamata okuuzani kuti akuwolotserani pamtsinje usiku motchipa. Ndikudziwa anthu amene anataya mpamba wonse choncho, ena kulandidwa, ena wowolotsayo osaonekanso. Ambiri a ife katundu timapereka kwa mathiransipota, iwo amabweretsa pa lole ife n'kubwerera pa basi chimanjamanja. Ameneyo musam'peze nokha, akulozereni munthu amene wam'gwiritsa ntchito zaka. Mabokosi amadya malo, ndiye ena amawataya kuti katundu achepe. Ine a malofa sinditaya, chifukwa ikaphwanyika kutsogolo sibwereranso, ndipo bambo wa muofesi amalipira bwino akaona bokosi.

Ngongole ndiye nkhani ina yaitali. Anthu a pa malipiro amatenga pakati pa mwezi kuti adzalipira pakutha, ndipo popanda iwo simugulitsa zambiri. Wosapereka theka asatenge, ndipo wachibale muzimuopa kuposa mlendo.

Ulendo woyamba musapite nokha, ndipo musatenge mpamba wonse. Tengani mitundu iwiri yokha, yakuda ndi yakhofi, ndi timasokosi tija madazeni angapo. Ine ndikunyamukanso kumayambiriro kwa mwezi wamawa. Ngati pasipoti yanu ili bwino tiyeni limodzi, koma pofika tsikulo mukhale mutalemba masaizi a anthu osachepera 20 amene mukuganiza kuti angakugulani.