Funsani Malume: Sitima ikachedwa, alipire ndani?

Malume, ine ndimakhala ku Mchinji cha ku Kamwendo, ndimapanga geni ya mtedza ndi soya ndiye pa sabata ku Lilongwe ndimapitako kawiri. Mwana wa achemwali anga ali ku England kusukulu, tsiku lina anandiuza pa WhatsApp kuti sitima yake inachedwa ndi mphindi 40 ndipo kampani inamubwezera theka la ndalama ya tikiti. Ine sindinakhulupirire. Kuno ndimakwera minibasi 6 koloko m'mawa, imanyamuka mwina 8 koloko poti ikudikira idzadze, injini ikungolira, kondakitala akuti mayi tikupita pompano, ndikafika mtauni ogula abwino apita kale ndipo palibe ondipepesa. Njanji ilipo kwathu kuno ikungomera udzu. Kodi za chindapusazi nzoona? Nanga sitima itabwerera kuno zingatheke?
Mayi wa geni, Kamwendo

Mayi, mwanayo sananame ayi. Ku Britain kuli dongosolo lotchedwa Delay Repay, ndipo makampani ambiri a sitima kumeneko amati mukachedwa ndi mphindi 15 mpaka 29 akubwezerani gawo limodzi mwa magawo anayi a mtengo wa tikiti ya ulendo umenewo, mphindi 30 mpaka 59 ndi theka, ikakwana ola amabweza yonse. Ndiye mphindi 40 zija zinagwera pa theka, ndendende mmene wakuuzirani. Mayiko a mu European Union nawo ali ndi lamulo lawo koma lofewerapo, 25 peresenti ikachedwa ndi ola, 50 peresenti akakwana maola awiri. Ku Japan sitima ikachedwa ngakhale mphindi 5 pa siteshoni amakupatsani kapepala kotsimikiza kuti mukawaonetse abwana kuntchito kapena aphunzitsi, asakuyeseni waulesi.

Komano pali zindapusa ziwiri zimene anthu amazisokoneza. China ndi chimene walandira mwana wa achemwali anuyo, ndalama yobwerera m'thumba la wokwera. Chinacho ndi chimene boma limadula kampani ikalephera zimene inalonjeza mu kontirakiti, mwachitsanzo kuti pa sitima 100 zilizonse zingapo zakutizakuti zifike pa nthawi. Ine mtima wanga uli pa choyambacho. Amene wataya kasitomala ndi inu, amene mwakhala padzuwa ndi matumba a mtedza ndi inu, ndiye ndalama ikapita ku thumba la boma inu mwapindulanji? Chachiwiricho nchofunikabe poti ndi chimene chimaiwawa kampani kwenikweni, koma chisakhale chokha.

Ndikuuzeninso kuipa kwake, chifukwa chindapusa chikaikidwa mosaganiza bwino chimabala zina. Kampani ikaona kuti ikulangidwa pa kuchedwa kokha, imangotalikitsa nthawi pa pepala, ulendo wa ola limodzi nkuulemba ola ndi mphindi 20, basi tsiku lililonse yafika pa nthawi koma inu simunafulumire ndi pang'ono pomwe. Ku Melbourne ku Australia anthu anadandaula kwa zaka ndithu kuti sitima ikachedwa imangodutsa masiteshoni ena osaima kuti ikafike kumapeto nthawi yabwino, anthu nkutsala ali chiimire pa pulatifomu akuiona ikupita. Ndipo choopsa kwambiri chinachitika ku Japan komweko, ku Amagasaki, pa 25 Epulo 2005. Dalaivala wachinyamata anachedwa ndi kamphindi kamodzi ndi theka, ndipo pakampanipo madalaivala olakwitsa ankalangidwa mochititsa manyazi, iye pofuna kubweza nthawi analowa pa kona ya makilomita 70 pa ola akuthamanga pafupifupi 116. Sitima inachoka pa njanji nkukawomba nyumba yosanja, anthu 107 anafa. Nkhani imeneyi imandikhudza chifukwa pa M12 pomwepa timaziona, dalaivala amene bwana wamuikira tageti ya tsiku amathamanga bwanji akafika cha ku Namitete, inu nomwe mukudziwa mmene mumagwirira mpando wakutsogolo. Ndiye chilango chigwere kampani ndi mabwana ake, ndipo chiwerengerenso sitima zimene zalephereka kunyamuka ndi masiteshoni odumphidwa, osati kungomupanikiza dalaivala.

Tsopano za kwathu. Njanji imene mukuiona ikumera udzuyo inafika ku Mchinji mu 1980 ndi thandizo la dziko la Canada, ndipo mu 2010 anailumikiza mpaka ku Chipata. Mu 1999 boma linapereka ntchito yoyendetsa sitima m'manja mwa kampani ya Central East African Railways. Apa ndi pamene pagona nkhani, mayi, chifukwa kampani ikamayendetsa njanji pa mgwirizano ndi boma, chimene chalembedwa mu mgwirizanomo ndi chimene mungaigwire nacho. Ndalama za njanji m'dziko muno zili pa katundu, makamaka malasha ochokera ku Moatize ku Mozambique opita ku doko la Nacala, pomwe sitima ya anthu imadziwika kummwera, cha ku Limbe, Balaka mpaka Nayuchi. Kunyamula anthu pa tikiti yotchipa sikubweretsa phindu lalikulu, nchifukwa chake m'mayiko ambiri boma limaikapo ndalama zake kenako nkumalamula kuti sitima ziyende kangati. Simungadule chindapusa sitima imene palibe anailonjeza. Ndiye mukakumana ndi a MP anu kapena khansala pa msonkhano, funso loyamba lisakhale la chindapusa, afunseni kuti kodi mu mgwirizano wa njanji muli mawu oti sitima ya anthu ifike ku Mchinji, ndipo kangati pa sabata? Alembe zimenezo kaye, chindapusa chibwere pambuyo kudzateteza zolembedwazo.

*

Malume, ine ndimagwira ntchito ku Kanengo koma banja lili pa boma ku Mchinji. Anzanga kuntchito timatsutsana, ena akuti bola sitima imodzi pa tsiku koma yosunga nthawi, ine ndikuti bola zambiri olo zizichedwako. Olondola ndani?
Bambo wa pa boma, Mchinji

Bambo, ndili mbali yanu, ngakhale anzanuwo sakulakwa kwenikweni. Taganizani, sitima ndi imodzi pa tsiku, yanyamuka 5 koloko m'mawa pa nthawi yake, inu kabaza wanu waphulika tayala panjira mwafika 5:10. Tsiku lonse lapita. Koma zikakhala zinayi, yoyamba ikakusiyani mumakhala pansi nkudikira inayo. Mabasi ang'onoang'ono amatizunza koma anthu sawasiya chifukwa nthawi iliyonse ukafika pa depoti umaipeza ina. Sitima yoyenda kamodzi singapikisane ndi zimenezo olo itasunga nthawi chotani.

Kuchulukitsako ndiye sikophweka. Njanji yathu ndi ya mzere umodzi, sitima ziwiri sizingaphambane paliponse koma pamalo pamene anamangapo kanjanji kapambali koti ina ipatukire idikire inzake idutse. Malo otere akachepa, sitima imodzi ikachedwa zonse zachedwa, ndipo ya katundu ikapatsidwa mpata woyamba ya anthu ndi imene imaima m'tchire. Onjezani apo mainjini ndi mabogi okwanira, njanji yokonzedwa bwino yoti sitima isamachite kukwawa, ndi milatho yolimba. Kumbukirani kuti mlatho wa Rivirivi ku Balaka utakokoloka mu 2003 njanji yopita kuchigawo chapakati inaduka mpaka 2005. Izi chindapusa sichingagule, zimafuna ndalama zomangira.

Koma sindikufuna mutaye mtima. Ku Dar es Salaam mu 2012 anayambitsa sitima ya anthu apantchito pa njanji zakale zomwe zinalipo kale, yoyenda m'mawa ndi madzulo basi nthawi imene anthu akupita ndi kuweruka, ndipo anthu anaikhamukira. Ife mtunda wa Mchinji ndi Lilongwe ndi makilomita 100 ndi kakuti, njanji ikudutsa ku Kanengo komwe inu mumagwira ntchitoko. Ine ndikanapempha ziwiri m'mawa, ziwiri madzulo, ndi bogi imodzi ya katundu yoti mayi a ku Kamwendo aja aikemo matumba awo, nthawi yake ilembedwe pa bolodi pa siteshoni aliyense aziiona, ndipo ikachedwa kupitirira ola wokwera azibwezeredwa ndalama yake pa Airtel Money kapena Mpamba tsiku lomwelo osachita kudzaza mafomu.