Mwana alembe ILEARN, koma onani kaye zimene zalembedwa mu IEP yake

Achemwali, mwafunsa ngati mwana wanu wa giredi 4, amene ali ndi autism ndipo kuwerenga kumamuvuta, angasiye kulemba mayeso a boma a ILEARN kuno ku Indiana, kapena mumupemphere mayeso ena aja mwamva kuti ndi opepukirapo. Ine ndikuti alembe, koma asalowe m'mayesomo wopanda thandizo limene lamulo limamupatsa.

Ambirife tinakula ndi mayeso a MANEB, oti ukalephera Sitandade 8 ndiye kuti ku sekondale iwalako. N'chifukwa chake tikangomva za mayeso a boma mtima umagunda. ILEARN ndi yosiyana. Amalemba ana a giredi 3 mpaka 8, ndipo amene akuyesedwa kwenikweni ndi sukulu, ngati ikuphunzitsadi ana onse. Kale ku America kuno masukulu ambiri ankangowapatula ana aulumali nthawi ya mayeso kuti zotsatira zioneke zokongola. Mwana wosawerengedwayo palibenso ankalabada ngati akuphunzira kanthu. Mu 1997 anasintha lamulo la IDEA, loona za maphunziro a ana aulumali, kuti ana amenewa azilemba nawo, ndipo lamulo lina la maphunziro lotchedwa ESSA la 2015 limafuna kuti ana aulumali osachepera 95 pa 100 alionse alembe, zotsatira zawo n'kuonetsedwa pazokha. Mukamuchotsa, mwapeputsira sukulu ntchito, inu n'kutsala opanda umboni wofunsira thandizo lowonjezera.

Mphamvu yanu ili mu IEP, chikalata chimene inu ndi sukulu mumagwirizana cha thandizo lapadera limene mwanayo azilandira. Tsegulani chikalatacho usiku uno, mupeze tsamba lonena za mayeso a boma. Pamenepo ndi pamene amalemba ngati mwana apatsidwe nthawi yowonjezera, chipinda chachete cha ana ochepa, mpata wopumula pakati pa mayeso, zilembo zikuluzikulu, kompyuta yomuwerengera mafunso a masamu, kapena munthu womulembera mayankho amene iye akunena pakamwa. Chimene sichinalembedwe pamenepo tsiku la mayeso akhoza osachipereka, ngakhale aphunzitsi atamukonda chotani. Komanso thandizolo azilizolowera m'kalasi kuyambira pano. Mwana wa autism amene sanavalepo mahedifoni, mukamuveka koyamba m'mawa wa mayeso, angokhalira kuwavula ndi kugwira makutu, funso loyamba lili chikhalire pa kompyuta.

Za mayeso enawo ndiye ndikupempheni mudekhe. Kuno amawatchula I AM, ndipo anapangira ana amene ubongo wawo uli ndi vuto lalikulu zedi pophunzira, oti amafuna thandizo ngakhale pa zinthu za tsiku ndi tsiku. Lamulo limati mu Indiana monse asapitirire mwana mmodzi pa 100 alionse olemba phunziro lililonse. Autism payokha si chifukwa chomuikira kumeneko, kuvutika kuwerenga ayinso. Chimandipweteka n'choti mwana akalowa njira imeneyo, zimene amamuphunzitsa zimachepanso, ndipo zikhoza kumuvuta kudzapeza diploma imene anzake amalandira pomaliza high school. Sukulu ikuyenera kukufotokozerani zimenezi musanavomere. Alipo ana amene I AM ndiyo yowayenera, ndipo palibe chamanyazi. Koma chifukwa chake chikhale mmene mwanayo alili, osati chisoni chathu pomuona akulira ndi homuweki.

Amene ana anu ali giredi 3, dziwani kuti IREAD, mayeso a boma oyesa kuwerenga, ndi nkhani ina. Lamulo la Indiana la 2024 linati mwana wolephera mayeso owerengawa akhoza kubwereza kalasi, ngakhale ana ena okhala ndi IEP amaloledwa kupitirira. Funsani msanga.

Inu achemwali, lembani imelo kwa mphunzitsi amene amayang'anira IEP ya mwanayo, mupemphe msonkhano umene kuno amati case conference. Simuyenera kudikira wa pachaka. Ngati Chingerezi chawo chimathamanga, nenani kuti mukufuna womasulira, lamulo limawauza kuti aonetsetse kuti kholo likumva zonse. Tengani mnzanu woti azilemba zokambiranazo. Afunseni kuti m'kalasi akumuthandiza ndi chiyani panopa, ndipo n'chiti mwa zimenezo chikuloledwa pa ILEARN. Akakupatsani pepala loti musaine, muli ndi ufulu wopita nalo kunyumba kuti mukaliwerenge bwino kaye.