Tifunseni za malamulo: Katundu akakanika ntchito, ndalama zimabwerera liti?

Funso: Zikomo akonzi. Ndili ndi dimba la kabichi ndi anyezi pachitunda, madzi ali kumtsinje wakumunsi. Kusitolo ina ya zipangizo za ulimi pa boma la Ntcheu ndidawauza kuti kuchokera pamadzi kufika pathanki ndi mamita 18 chokwera, paipi yake mamita 120. Adandisankhira okha pampu ya sola. Ikulira bwinobwino koma madzi safika. Nditabwerera patatha masiku anayi adandilozera chikwangwani chakuti katundu wogulidwa sabwezedwa, ati pampuyo si yowonongeka. Nditani? Mlimi wa ku Tsangano.

Yankho: Bambo, zakuti pampuyo si yowonongeka mwina akunena zoona, koma mlandu wanu suli pamenepo. Lamulo la malonda a katundu, Sale of Goods Act ya 1967, limaika malonjezo m'malonda ngakhale wogulitsa sadawatchule pakamwa kapena kuwalemba pa lisiti. Awiri mwa malonjezowa anthu amawasokoneza. Lina ndi lakuti katundu akhale woyenera dzina limene akugulitsidwira: pampu ipope madzi, simenti isakhale yowumiratu m'thumba. Linalo ndi lakuti katundu agwire ntchito imene wogula adaitchula. Pampu yanu ikhoza kukwanitsa loyambalo n'kulephera lachiwirili.

Lonjezo lachiwirili limafuna zinthu zitatu, ndipo zonse zikuoneka m'kalata mwanu. Mudanena ntchito yake momveka, ndi manambala. Mudadalira luso la wogulitsa, pakuti adasankha ndi iye. Ndipo mapampu ndi malonda ake a tsiku ndi tsiku. Mukadalowa m'sitolomo n'kuitanitsa pampu ya kampani yakutiyakuti pa dzina lake, osafunsa kanthu, lamulo likadati mudadzisankhira nokha.

Onani pachitsulo kapena pabokosi la pampuyo. Pali nambala ya mamita yolembedwa kuti "max head". Ameneyo ndi malire amene pampu imaleka kutulutsa madzi, osati msinkhu umene imagwira bwino ntchito. Ngati palembedwa 20, pa mamita 18 mungopeza kadontho. Paipi ya mamita 120 imadyanso mphamvu chifukwa madzi amakhuzana ndi khoma la paipi, makamaka ikakhala yopyapyala ya theka la inchi. Wonjezanipo nkhungu ya ku Tsangano mu June ndi July, imene imafooketsa mapanelo. Wogulitsa wodziwa ntchito amayenera kuwerengera zonsezi, ndipo n'chifukwa chake lamulo limamusenzetsa udindo mukamudalira.

Iye adzanena kuti mudalumikiza molakwika, kapena kuti mapanelo ali pamthunzi. Mtsekereni khomo limeneli: itanani alangizi a ulimi wothirira kapena mmisiri wa mapaipi ayeze chokweracho, aone ngati palibe podontha, alembe zimene apeza. Jambulani kanema masana dzuwa lili paliwombo. Kenako lekani kugwiritsa ntchito pampuyo, muibwezere m'bokosi, mulembe kalata ya deti yonena kuti mwaikana ndipo mukufuna ndalama zanu. Zikhale ziwiri, ina asainire. Akakana kusaina, itumizeni pa WhatsApp ndipo musafufute.

Changu ndicho chofunika kwambiri. Lamulo limati mwamulandira katundu mukanena kuti mwamulandira, mukachita naye zinthu ngati mwini wake, monga kumugulitsa kapena kumumasula, kapenanso mukakhala naye nthawi yopitirira muyeso osadandaula. Mukatero ufulu wobweza watha, chotsala n'kupempha chipukuta misozi. Masiku anayi si ochuluka pa chipangizo chofuna kulumikiza ndi kuyesa, koma miyezi iwiri ya chete ingakuphereni mlandu.

Za chikwangwanicho, bungwe la Competition and Fair Trading Commission, CFTC, lakhala likuchenjeza kuti wamalonda saloledwa kudzichotsera udindo pa katundu wolakwika ndi mawu oterowo. Chimagwira ntchito pa munthu amene wangosintha maganizo katundu ali bwino. Inu simudasinthe maganizo.

Funso: Ndimakazinga chipisi pa boma la Dedza. Pamsika wa Lizulu bambo wina adandionetsa ndowa ya kachewere wamkuluwamkulu, tidagwirizana matumba 12 a mtundu womwewo pa K60,000 lililonse. Kunyumba ndapeza kuti wamkulu ali pakamwa pa thumba pokha, pansi ndi timing'onoting'ono, wina wobiriwira, wina wowola. Matumba anayi ndakazinga kale. ANambewe, Dedza.

Yankho: Mayi, awa ndi malonda a chitsanzo, ndipo lamulo limawatchula paokha. Katundu yense afanane ndi chitsanzo, wogula apatsidwe mpata wokwanira wofananiza, ndipo pasakhale vuto lobisika limene silikadaoneka poyang'ana chitsanzocho. Kuyala wamkulu pamwamba n'kuswa lonjezo loyambalo poyera. Kachewere wobiriwira khungu ali ndi poizoni amene amabwera akakhala padzuwa, ndiye si wodyetsa anthu. Wowolayo kawirikawiri amakhala wokumbidwa nthaka ili yonyowa, wotemedwa ndi khasu, kapena wogwidwa ndi chiwawu kumunda, ndipo akasokereredwa m'thumba amapatsira anzake m'masiku ochepa.

Vuto lanu ndi matumba anayi aja. Munthu akagwiritsa ntchito gawo la katundu wogulidwa pamodzi, kukana yense kumavuta. Njira yolimba ndi yofuna kuti mtengo utsike. Khuthulani matumba asanu ndi atatu otsalawo pamaso pa mboni, mupatule wabwino ndi wosayenera, muyeze ndi ndowa, mujambule. Ngati gawo limodzi mwa atatu ndi lotaya, ndiye K20,000 pa thumba, K160,000 pa otsalawo. Wogulitsayo muimbireni lero lomwe. Pa mbewu yowola msanga nthawi yoyenera kudandaula ndi tsiku limodzi kapena awiri, pakuti mukachedwa adzati adawolera kwa inu. Atcheyamani a msika amawadziwa ogulitsa awo, ndipo nkhani zotere zambiri zimathera pamenepo.

Ulendo wina sankhani nokha matumba atatu, osati amene akulozerani, awakhuthule musanalipire. Dziwaninso kuti mukayang'ana katundu, lamulo silikutetezani pa vuto limene kuyang'anako kukadaulula, ndiye yang'anani mpaka pansi. Ndowa ya chitsanzo muitenge.

Funso: Ndidagula njinga yamoto yakale kwa mnzanga wa m'mudzi kuti ndiyambe kabaza. Patatha sabata ziwiri injini yafa. Mnyamata wa ku Biriwiri.

Yankho: Achimwene, apa lamulo silikuthandizani kwambiri. Malonjezo awiri aja amamanga munthu amene malonda ake ndi katundu wa mtunduwo, osati mnansi wogulitsa njinga yake. Chotsala ndi zimene adanena. Ngati adati injini ndi yatsopano kapena sidatsegulidwepo, makaniko n'kupeza kuti ndi bodza, muli ndi poyambira, bola pakhale mboni kapena uthenga wa pafoni. Lonjezo limene limamanga wogulitsa aliyense ndi lakuti katunduyo ali ndi ufulu womugulitsa. Kumalire kwanuko fananizani nambala ya injini ndi ya tchesisi ndi zimene zili pamapepala, muonenso umboni wa msonkho wa MRA ngati idachokera ku Mozambique. Njinga yakuba mwini wake akaipeza imapita, inu n'kutsala ndi ntchito yolondola amene adakugulitsani.

Funso: Pa lisiti adalemba malata 40 a geji 28. Mmisiri atakhoma theka akuti ndi a geji 32. Sitolo ikukana. Ndikadandaule kuti? Aphunzitsi a ku Linthipe.

Yankho: Aphunzitsi, lisiti yanuyo ndi umboni wamphamvu, chifukwa katundu wogulitsidwa pofotokoza ayenera kufanana ndi mafotokozedwewo. Pa malata nambala ya geji ikakula, lata limapyapyala. La 32 limapindika pokhoma, limang'ambika pamsomali mphepo ikawomba, ndipo ndi lotsika mtengo. Wogula wamba sangasiyanitse ndi maso, ndiye zoti mudawaona potenga sizikuchotserani ufulu.

Poti ena mwakhoma kale, chimene mungachipeze mosavuta ndi kusiyana kwa mtengo: funsani m'masitolo awiri mtengo wa geji 28 ndi wa 32 pa utali womwewo, akulembereni, muchulukitse kusiyanako ndi 40. Imitsani kaye ntchito. Mawu a mmisiri okha sakwanira, pafunika muyeso. Malawi Bureau of Standards, imene idakhazikitsidwa mu 1972, ndiyo imayang'anira miyezo ya katundu pamodzi ndi masikelo a amalonda, ndiye sungani lata limodzi losakhoma lokhala ndi chidindo cha fakitale kuti likayezedwe. Ngati chidindocho chikunena geji 28 pamene lata ndi lopyapyala, nkhaniyo ikukhudzanso fakitale, komabe inu amene mudapangana naye ndi wa sitolo. Asakutumizeni kufakitale, akalimbane nayo yekha.

Yambani ndi kalata yopatsa sitoloyo masiku asanu ndi awiri. Ikapanda kuyankha, kadandauleni ku CFTC ku Lilongwe, mutatenga fotokope ya lisiti, kalatayo ndi zithunzi. Lamulo latsopano la Competition and Fair Trading Act la 2024 lidapatsa bungweli mphamvu zolamula kubweza ndalama ndi kulipiritsa chindapusa palokha. Palinso lamulo loteteza ogula, Consumer Protection Act ya 2003, ndi bungwe la CAMA limene limalankhulira ogula. Khoti la majisitireti pa boma la Dedza limamva milandu ya ndalama, ndipo kalaliki wa khoti adzakuuzani ngati ndalama zanuzo zili m'malire a khotilo. Mlandu wa pangano umayenera kuyambidwa zisanathe zaka zisanu ndi chimodzi, koma musadikire: inki ya malisiti a makina imafufutika m'miyezi yochepa, choncho ijambuleni pafoni lero.